Khobidi la Agogo Tapona

Bwerani kuno pakhonde, ana inu, kukadali mthunzi. Tadala, siya kaye foniyo, siithawa. Pemphero, kanditengere bokosi la zipangizo kuseri kwa chitseko. Utsegule bwino, chivindikiro chake chimaluma zala. Ayi, si nyundoyo. Pisa pansi, pakona, pali kansalu komanga mfundo ziwiri. Eya, kameneko.

Mukuseka? Mumayesa agogo anu abisa golide. Ndi khobidi chabe, lakuda, lotha, loti ngakhale wogulitsa zitumbuwa sangalilandire. Koma landiyendetsa kuyambira tsitsi lili bii mpaka pano mutu uli mbuu, ndipo linatsala pang'ono kutidanitsa ndi mlongo wanga wamkulu, agogo anu a Malita a ku Chezi.

Mwini wake anali agogo anga, amayi awo a amayi anga, dzina lawo a Tapona. Musafunse kuti a Tapona a kwa yani, chifukwa funso limenelo ndilo linali bala la banja lathu. M'mudzi mwathu, kutsinde kwa phiri la Ntchisi, aliyense ankadziwa kumene mtundu wake unachokera. Agogo analibe malume, analibe mlongo, analibe manda a makolo oti n'kukasesa. Anachita kuwatola.

Zinali chonchi. Mayi wina wa kwa Banda analawirira kumunda kukaingitsa anyani m'mapira. Atalowa m'chilindo, kansakasa kaja alimi amakhalamo polondera mbewu, anapezamo kamtsikana kosakwana zaka khumi, thupi lonse nthomba, kakunjenjemera. Masiku amenewo njira ya ogula minyanga ndi anthu inkadutsa m'mapiri omwewo kutsikira ku Nkhotakota, ndipo dzulo lake gulu lina linali litadutsa, anthu ali m'magoli. Kamwanako sikankamva Chichewa. Akakafunsa dzina, kankangoti, "Tapona, tapona." Ndiye anati limenelo ndilo dzina lake. Pakhosi pake panali luzi, pa luzipo khobidi ili.

Ine ndinawapeza atakalamba, aafupi, nkhope ya zipsera za nthomba, kachitini ka fodya wa pamphuno sikankachoka m'chiuno. Nkhwani wawo wotendera, ana inu, wa masiku ano ndi madzi. Khobidili anali atalisokerera m'kansalu, moti palibe ankaliona. Pamene ankabatizidwa, akatekisiti anawauza kuti Mkhristu savala chithumwa pakhosi. Agogo anati, "Ndamva, aphunzitsi." Anachivuladi pakhosi, n'kukachimanga m'chiuno.

Ndili mwana ndinkawavutitsa ndi mafunso. "Agogo, kwanu n'kuti?" Ankati, "Kwathu ndi pano ukundionapa." Tsiku lina tikusenda chinangwa ndi pamene anandiuza zochepa zimene ankakumbukira. Kuyenda kosatha. Chingwe. Kenako msana wa mayi wina amene anawabereka atayamba kudwala, mayi wosakhala wa mtundu wawo, wolankhula zina, nsalu yake yonunkhira utsi ndi mafuta achilendo. Nkhope yake sankaikumbukira. "Msana wokha," anatero. Basi, anapitiriza kusenda.

Anthu a m'mudzi ankawasamala ndithu, sindiwanamizira. Anawalera, anawakwatitsa, anawapatsa kamunda ngakhale kanali ka miyala. Koma pakakhala mkangano, kaya wa mbuzi kaya wa malire, mawu amodzi ankatuluka: wotayidwa. Ankati ngakhale ogula anthu anaona kuti ndi wopanda ntchito, n'kumutaya m'tchire. Ife tinali zidzukulu za wotayidwa.

Ine mawuwo ankandipitirira, koma a Malita anawalasa. Ali namwali, panali mnyamata wina wa kutsidya la mtsinje amene anawafunsira, ndipo ankakondana zenizeni. Ankhoswe anali atayamba kale kuyenderana. Kenako azakhali a mnyamatayo anabwera, anakhala pamphasa pathu pomwe, n'kunena poyera kuti mwana wawo sangakalowe chikamwini pamudzi wopanda tsinde, kukabereka ana m'mimba ya akapolo. Amayi anangoweramitsa mutu. A Malita anali kuseri kwa nkhokwe, anamva zonse. Ukwati unathera pomwepo. Patapita zaka a Malita anakwatiwa ndi agogo anu aamuna aja a ku Chezi, munthu wabwino, ndipo anasankha kukakhala kwa mwamuna kuti achoke ku Ntchisi. Dzina la a Tapona sankalitchula m'nyumba mwawo.

Agogo atamwalira, kansalu kaja anasunga ndi amayi. Amayi atatisiya, kanagwera m'manja mwanga chifukwa a Malita anakana kukakhudza. Pa nthawiyo ndinali nditaphunzira kale ntchito yokhoma zidebe kwa mmisiri wina pa Dowa Boma. Inu mumadziwa ndowa za pulasitiki zokha, zija zimasweka zikangokhala padzuwa. Ife tinkadula lata, kulipinda pa chidutswa cha njanji, kulumikiza msoko mpaka dontho lisatuluke. Ndowa, zothirira fodya ku nazale, mafanelo, nyali za koloboyi zopangira zitini za mkaka. Ndinkazimanga panjinga mpaka njinga osaoneka, ndikamatsika chitunda agalu a midzi itatu ankadziwa kuti Damiano akubwera. Tsono munthu wa zitsulo sangasunge chitsulo osachiona. Ndinatumbula kansalu kaja.

Khobidilo linali lobiriwira ngati ndere. Ndinaliviika m'madzi a mandimu, kulipukuta ndi phulusa pang'onopang'ono, masiku atatu. Ndinaligwetsa pamwala kuti ndimve kulira kwake. Mkuwa, osati siliva. Litenge, Tadala, uliyang'ane mopendeketsa. Mbali iyi ukuona chiyani? Eya, sikelo, ya mbale ziwiri zolendewera. Pakati pa mbalezo pali timizere tinayi. Tembenuza. Uko kuli zolemba zopotanapotana ngati mphutsi, theka lake linafufutika ndi thukuta la agogo. Mutu wa mfumu palibe, nyama palibe. Makobidi amene tinkagwiritsa ntchito ife anali ndi zilembo za Chingerezi, ena oboola pakati. Ili linali lachilendo.

Koma chimene ndinachiona ine, chimene wina aliyense sakanachiona, ndi bowoli. Makobidi athu oboola aja ankabooledwa ndi makina, bowo lili pakati, losalala. Ili lili m'mphepete, lokhota, ndipo kuseri kwake mkuwa unatumphuka. Pitsapo chala. Wamva kukanda? Ameneyu anaika khobidi pamwala kapena pamtengo, n'kukhoma ndi chinthu chosongoka kawiri kapena katatu. Poyamba anaphonya, nachi chipsera chake pambalipa. Sanapale n'komwe. Ndinadziwa kuti woboolayo sanali mmisiri, ndipo anali pa changu.

Ndinayamba ndi aphunzitsi aakulu a sukulu ya mishoni. Anavala magalasi, analitembenuza, anaitanitsa galasi lokulitsa zinthu. Anati, "Timizere iti ndi manambala. Wani, seveni, naini, naini. Chaka cha 1799. Koma seveni wakeyu wayang'ana kumbuyo, kaya wosulayo anali ataledzera." Za zolembazo anati ndi za amwenye. Ndinapita kwa mmwenye wina wa sitolo amene ankandigulitsa malata. Analiyang'ana kanthawi kochepa, n'kundibwezera. "Si zathu izi, Damiano. Ndi zolemba za Aluya, Chiarabu. Ine sindiwerenga."

Aluya.  Kwathu dzina limenelo linkatanthauza chinthu chimodzi: magoli. Ndinapalasa njinga mpaka ku Chezi, ndinapeza a Malita akupeta mtedza, n'kuwauza zonse ngati munthu wabwera ndi nkhani yabwino.

Anaika lichero pansi. "Ndiye wasangalala?"

"Alongo, tayamba kudziwa."

"Kudziwa chiyani? Sikelo, Damiano. Amayezera chiyani pa sikelo? Katundu. Chimenecho ndi chizindikiro chimene ankamanga akapolo, monga timadulira khutu la mbuzi. Iwe ukuyenda nacho m'masitolo, kuonetsa anthu manyazi athu. Ana anga kuno palibe amawatchula dzina lija. Ukufuna liwatsate?"

"Nanga ndichite nalo chiyani?"

"Kaponye m'chimbudzi. Ukapanda kutero usadzapondenso pakhomo pano."

Ndinawauza kuti ndataya. Linali bodza, ndipo ndinakaulula kwa ansembe, koma kutaya sindinataye. Ndinalikulunga n'kuliika pansi pa bokosi. Mzikiti unalipo, ndikanatha kupita kukafunsa amene amawerenga Chiarabu. Sindinapite. Masiku amenewo Mkatolika kuoneka pakhomo la mzikiti inali nkhani ya mudzi wonse, koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Ndinkaopa kuti akandiuza kuti a Malita akunena zoona.

Moyo unapitirira. Ndinakwatira agogo anu aakazi, Mulungu awalandire, tinabereka amayi anu ndi abale awo, tinalima fodya, zaka zina tinaseka, zina tinalira. Pulasitiki itabwera, ntchito ya ndowa inafa ndikuona. Ndinatembenukira ku mbaula, zija za makala, popeza pulasitiki siingapikisane ndi moto. Ndipo mbaula ndi zimene zinanditengera ku Dzaleka.

Inu mumadziwa Dzaleka ngati malo a othawa nkhondo, kumene mumakonda kukagula chapati. Ife tili anyamata inali ndende, ndipo dzina lakelo tinkalitchula monong'ona, titayang'ana kaye kumbuyo. Tsiku loyamba kulowamo ndi mbaula zanga ndinayamba ndaima kaye pachipata. Koma ndinapeza msika, phokoso, zilankhulo zosawerengeka, ana akusewera mpira. Ndinazolowera, Lachiwiri lililonse ndinkapita.

Malo anga anali pafupi ndi khonde la telala wina wochokera ku Congo, a Salumu, bambo wa imvi, Msilamu, wodekha. Chichewa chawo chinali chothyokathyoka koma tinkamvana. Iwo ankanditcha "mzee", ndiye kuti mdala, ngakhale sitinkasiyana kwambiri. Tsiku lina chopondera cha makina awo chinathyoka. Ndinati ndiwalumikizire, ndipo pofunafuna kamsomali koyenera ndinakhuthula bokosi lonse pansi. Kansalu kanali katafumbwa, kanang'ambika, khobidi linagubuduka mpaka pa phazi lawo.

Analitola. Ndinafuna kuwalanda, koma anali atalibweretsa kale pafupi ndi maso. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Ankawerenga, ana inu. Zinthu zimene ine ndinaziyang'ana zaka zonsezo ngati mphutsi, munthu ankaziwerenga ngati kalata.

"Mzee, ichi mwachitenga kuti?"

"Ndi cha agogo anga. Chikuti chiyani?" 

"Apa dzina la mfumu ya ku Zanzibar, chisumbu cha kunyanja yaikulu ya mchere. Apa akuti Mulungu amusunge. Agogo anga aakazi anali nazo zitatu zotere m'kabokosi, chifukwa amalonda a kumeneko ankafika mpaka kwathu." Anatembenuza. "Ichi chaka. Wani, thuu, naini, naini."

"Si seveni?"

Anaseka. "Thuu wathu amaoneka choncho. Ndi kawerengedwe ka Chisilamu. Pa kawerengedwe kanu ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880."

Ndinawerengera msinkhu wa agogo m'mutu, zinagwirizana. Aphunzitsi aja anali atalikalambitsa ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Kenako ndinafunsa chimene ndinachiopa moyo wanga wonse. "A Salumu, musandibisire. Kodi ichi ndi chimene ankamanga akapolo?"

Anandiyang'ana modabwa. "Ayi. Ndi ndalama wamba. Yaing'ono kuposa zonse. Ya munthu wosauka, yogulira mchere pang'ono. Sikeloyi ndi ya chilungamo pa malonda, inali pa ndalama zonse za mtundu umenewu. Bwanji mukufunsa choncho?"

Ndinakhala pa benchi lawo n'kuwafotokozera zonse, zimene sindinauzepo ngakhale agogo anu aakazi mokwanira. Chilindo, nthomba, msana wa mayi uja, bowo lokhomedwa mwachangu. Anasiya kusoka. Nditafika pa dzina, anandiimitsa ndi dzanja.

"Mwati ankati chiyani mwanayo?"

"Tapona. Ndilo dzina lawo."

"Tapona," anabwereza. "Utapona." Anavula magalasi. "Mzee, limenelo si dzina. Ndi Chiswahili. Utapona, ndiye kuti udzachira. Ndi mawu amene timauza mwana akamadwala."

Msika wonse uja unangoti zii m'makutu mwanga. M'maganizo mwanga ndinaona kamwana kali pamsana, kakutentha thupi, ndi mayi akuyenda, akubwereza mawu amodzi okhaokha mpaka kamwanako kanawasunga osadziwa tanthauzo lake.

Kenako a Salumu anati, "Ine sindinalipo, sindinganene kuti ndikudziwa. Koma ndikuuzeni chimene ndinaona ndi maso anga. Pamene tinkathawa kwathu, tinkayenda m'nkhalango anthu ambiri. Mwana akadwala kwambiri moti sangapitirire, ena ankamusiya pafupi ndi mudzi, pamalo poti anthu amupeze m'mawa. Ndipo ankamumangirira kanthu. Mphete, wotchi, kandalama, chilichonse chimene chatsala. Kunali kuuza womupezayo kuti uyu ndi mwana wa munthu, chonde musungeni. Wotaya mwana samuika pansi pa denga, mzee. Samumangira ndalama yake yomaliza."

Ndinalira pamsika, ine mdala wa zidzukulu, mbaula zili pambali. A Salumu anandigulira tiyi wa mkaka.

Tsono mvetsani bwino, musadzawonjezere mchere pofotokozera ana anu. Khobidili silinatiuze kwawo kwa agogo. Gulu lija linkachokera kumadzulo kupita kunyanja, ndiye khobidi likunena za kumene ankawatengera, kumene sanakafike. Mudzi wawo weniweni, amayi awo owabereka, chilankhulo chawo, zimenezo sitikuzidziwabe. Ndimamva kuti masiku ano madokotala amatha kuyeza malovu n'kudziwa dera limene makolo a munthu anachokera. Kaya ndi zoona, inu a sukulu mudzafufuze. Ine mbali yanga ndinafika pamenepa.

Chinatsala ndi kupita ku Chezi. Ndinazengereza sabata yathunthu, chifukwa kukanena zimenezi kunali kuvomeranso kuti ndinawanamiza alongo anga kwa zaka zoposa makumi anayi. Ndinawapeza atakhala padzuwa, maso awo anali atayamba kale kuchita khungu. Nditapereka moni ndinangoika khobidi m'dzanja lawo.

Analipapasa. "Damiano, unati unataya."

"Ndinanama, alongo. Mundikalipire pambuyo pake, koma yambani mwamva."

Ndinafotokoza. Sanandidule mawu, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire changa. Chala chawo chinkangozungulira pabowo paja. 

"Udzachira," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye kuti tinkawaitana choncho tsiku lililonse. Agogo Udzachira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anafunsa funso limene ine, ndi nzeru zanga zonse za zitsulo, sindinaliganizepo. "Nanga mayiyo? Atamugoneka mwana m'chilindo, iye anapita kuti?"

"Sindikudziwa. Mwina anabwerera ku gulu lija. A Salumu akuti mwina nayenso anali kapolo, wophikira amalondawo."

"Anabwerera," anatero a Malita. "Akanathawa, amalondawo akanamupeza, ndipo akanapezanso mwanayo. Anabwerera kuti asamufunefune." Zimenezo palibe anawauza, ndipo palibe angatsimikize, koma ine sindinatsutse.

M'mawa mwake anandiuza kuti ndiwaperekeze ku parishi. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo atagwira mkono wanga. Anakapempha Misa ya munthu womwalira. Mlembi wa parishi anatsegula buku. "Dzina la malemu, agogo?"

"Sitilidziwa."

"Nanga ansembe akatchula chiyani? Anali Mkhristu?"

"Kaya. Mwina anali Msilamu. Mulungu amudziwa. Lembani kuti mayi amene anabereka Tapona pamsana."

Mlembiyo anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana kudenga. Analemba.

Lamulungu lake tchalitchi linadzaza monga mwa nthawi zonse, ana a alongo anga ndi zidzukulu zawo zili pomwepo, anthu amene anali asanamvepo dzina la a Tapona m'kamwa mwa mayi awo. A Salumu anali atanditumizira mawu kuti iwonso anamupempherera mayiyo Lachisanu ku mzikiti. Ansembe atafika pa maina a omwalira, anawerenga awiri atatu, kenako anaima pang'ono, n'kuwerenga monga analembera mlembi. Anthu anayamba kutembenuka, kufunsana ndi maso kuti Tapona ndi ndani.

A Malita anagwira phewa langa, anadzuka pakati pa Misa, pamene aliyense anali atagwada. Ndinawakoka chitenje kuti akhale pansi. Anandimenya dzanja. Ndipo ananena mokweza, moti mpaka a kwaya anamva:

"Ndi agogo anga amenewo."